Juliana Wagona

Ndikadzamwalira mudzalembe pamwala kuti apa pagona munthu amene sankafunsa. Musadzawonjezepo vesi. Mawuwa si anga, ndi a bambo Antonio a ku Makhuwira, bambo ake a Priska, ndipo tsiku limene anayamba kundinena choncho ine ndinaseka, kuyesa nthabwala.

Ndine Dennis. Kwathu ndi pa Chikwawa boma, ntchito yanga ndi yothirira nzimbe ku esiteti. Priska ndinakumana naye m'minibasi pa Thabwa atapakata katoni ya mabotolo ngati khanda. Tsiku limenelo ndiye ndinafunsa, mwina kanali komaliza. Ndinati muli chiyani, anati vinyo. Ndinati wa kuti, anati wa kwawo, wa mphesa za bambo ake.

"Mphesa? Kuchigwa konkuno, kumene buluzi amawoloka msewu monyang'ama poopa kupsa mapazi?"

"Mukadzamaliza kuseka mudzabwere mudzaone," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinam'konda pomwepo, sindikubisa. Chibwenzi chitakhwima, chimene ndinkafuna chinali chimodzi chokha, kuti bambo ake andilole kutumiza ankhoswe. Mayi anga, amene ndi a Mvano, anali atalimbana nane kale miyezi itatu, akuti iwo sangakhale sewere wa anthu ophika mowa. Anafewa tsiku limene Priska anawaphikira mlamba wowamba wotendera. Amene anatsala anali madala a ku Makhuwira.

*

Ndinapitako koyamba mu Novembala, pa njinga yamoto, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Cha ku Livunzu, m'tsinde mwa phiri, kuli makomo atatu okha opanga vinyo. Mayi Leah amapanga wa chidede ndi wa bwemba. Gilbert amapanga wa masawu, komanso ali ndi timipesa take kuseri kwa nyumba. Khomo lachitatu, lomwe ndi gwero la onsewo, ndi la bambo Antonio.

Za Gilbert ndinali nditazimva kale. Anaphunzira ntchito kwa bambo Antonio zaka zisanu, anafunsira Priska kawiri, anakanidwa kawiri. Tsiku limenelo anandipatsa moni wa mano okhaokha.

Priska anandilondolera kumtunda kwa nyumba n'kukankha kachitseko ka bango. Abale, ndinaima. Mipesa inayanga pa nsungwi pamwamba pa mutu, chisakasa chachitali chobiriwira mpaka uko, ndipo m'kati mwake munkazizira bwino ngati pansi pa mlatho. Mphesa zinali lende lende paliponse. Zina zakuda bii zokhala ngati wina waziwaza ufa, zina zachikasu zoti dzuwa linkadutsa m'kati mwake mpaka kuona njere. Njuchi zinkalira chapansipansi. Ndinadzazindikira nditavula chipewa ngati ndalowa m'tchalitchi. Ine ndakulira m'chigwa chino, ndimayesa ndikulidziwa dothi lake, koma sindinkadziwa kuti lingabale chinthu chotere.

"Mwasiya kuseka?" anafunsa Priska.

Ndinagwedeza mutu, maso akadali pa mphesa.

Bambo Antonio anatipeza pomwepo. Ndi munthu wamfupi, wa manja akuluakulu, ndipo Chisena ndi Chimang'anja amazisakaniza m'chiganizo chimodzi. Ndinagwada n'kupereka moni.

"Pyadidi, pyadidi, zili bwino. Ndiwe wa kwa Makololo uja? Amene agogo ako anabwera kuno atasenza katundu wa mzungu?"

"Ndi ineyo, bambo."

"Anasenza kuchokera ku Zambezi mpaka pa Chikwawa osafunsa kuti m'bokosimo muli chiyani. Ndiwe mdzukulu wa anthu osafunsa. Tiye ukadye."

Anatikhazika pamphasa pansi pa mipesa pomwepo. Priska anabwera ndi timbale titatu, madala anabwera ndi mabotolo awiri ndi timakapu tating'ono.

"Vinyo samwedwa ngati kachasu, kutseka maso n'kugubuduza. Vinyo amafuna mnzake. Uyu wakudayu ndi Izabela, mphesa yake ndi iyo ili pamutu pakoyo. Ndi waukali pang'ono, amafuna chinthu cha utsi ndi mafuta. Luma mlambawo, wachokera m'dambo la Elephant Marsh dzulo. Tsopano imwa."

Ndinaluma, ndinamwa. Mlamba ndaudya kuyambira ndili wosavala, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaumva kukoma kwake. Utsi uja unafewa, mafuta anachoka pa lilime, n'kutsala kafungo ngati ka gwafa wakupsa.

"Uyu woyerayu ndi Mosikateli. Ameneyu ndi wamanyazi, ukam'patsa mlamba amabisala. M'patse nsomba za makakana zokazinga, ufinyire ndimu. Kapena nyika zophika, zokumba m'dambo zija mumazinyoza inu a pa boma kuti ndi chakudya cha njala."

Ndinadya nyika, chinthu choti kwathu sitichitchula n'komwe, ndipo ndi vinyo uja zinakoma ngati mtedza wowiritsa. Ndinaseka ndekha. Madala anandiyang'ana, ndevu zikugwedera.

"Wa masawu wa kwa Gilbert umafuna mbuzi ya tsabola. Wa chidede wa mayi Leah ndi wa azimayi akamacheza ndi zitumbuwa. Aliyense ndi mnzake. Ukasokoneza, onse awiri amaipa."

Kumapeto kwa munda, pafupi ndi kamtsinje kochokera m'phiri, kunali mpesa umodzi wokhala paokha. Thunthu lake linali lalikulu ngati ntchafu yanga, lopotokapotoka, ndipo mphesa zake zinali zofiirira, ting'onoting'ono. Madala atafika pamenepo anatsitsa mawu.

"Uyu ndi Juliana. Dzina la mayi anga. Nkhondo itafika ku Mutarara mu 1986, anthu anathawa ndi mapoto, ena ndi nkhuku. Iwo anathyola kanthambi m'munda wa ansembe, anakakulunga m'kansalu konyowa, n'kukabereka kumsana limodzi ndi mlongo wanga. Masiku asanu ndi limodzi akuyenda. Madzi akawapeza ankayamba kunyowetsa kansaluko, kenako ana, iwo pomaliza. Mtundu wa mphesa imeneyi palibe amaudziwa. Ndikadulira, nthambi zake ndimawotcha, sindigawa."

Anathyola kamphesa kamodzi n'kundipatsa. Kanali kotsekemera, kenako kowawasa, kenako kanasiya kafungo kena koti mpaka lero ndilibe nako dzina. Ndinachita mantha kumeza.

"Vinyo wa ameneyu amayenda ndi chiyani, bambo?"

"Wafunsa bwino kamodzi. Ameneyu sayenda ndi ndiwo, amayenda ndi ukwati. Mwana wanga sachoka pakhomo pano popanda vinyo wa Juliana wa chaka chomwecho. Mkulu wake wa Priska anapita choncho. Za ankhoswe zako ndazimva. Tiyambe tamuona Juliana chaka chamawa."

Pobwerera ndinayendetsa njinga ngati ndanyamula mazira. Ukwati wanga wonse unali pa mtengo umodzi.

*

Chakumayambiriro kwa Juni uthenga unalowa pafoni.

"Wokondedwa, Juliana wagona. Ine ndi Baba tanyamuka kupita ku Mutarara, bambo aang'ono adwala. Tibwera pakatha milungu itatu. Kumeneko foni sigwira. Munda akuyang'anira Gilbert. Usadandaule."

Ndinawerenga kanayi. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno tikati uje wagona, timayamba kufunafuna matabwa. Ndinaimba, foni yozima. Ndinalemba kuti, "Wagona bwanji? Watha?" Uthengawo sunapite. Ndipo mawu oti usadandaule ndi amene anandidandaulitsa kwambiri, chifukwa Priska amatero zinthu zikafika poipa.

Loweruka m'mawa ndinali kale pa kachitseko ka bango kaja. Chisakasa chonse chija chinali mbee, popanda tsamba ndi limodzi lomwe, nthambi zokhazokha ngati nkhuni. Ngalande yochokera kumtsinje inali yotsekedwa ndi miyala ndi dothi. Pansi pa Juliana nthaka inali itang'ambika ming'alu yolowa chala.

"Alamu a pa boma," anatero wina kumbuyo kwanga. Anali Gilbert, akutafuna masawu ouma. Mawu oti alamuwo ankawatchula ngati akulavula njere.

"Chachitika n'chiyani kuno?"

"Si mukuona nokha? Inu si ndinu akatswiri a madzi?"

"Mitengoyi yamwa liti?"

"Milungu itatu tsopano sinalawe dontho."

"Ndiye inu mukungoyang'ana?"

"Ine anandiuza kuti ndiziyang'anira mbuzi zisalowe. Za madzi sanandiuze." Analavula njere. "Enawa ndi ana, apirira. Koma gogoyu, kaya. Zaka pafupifupi makumi anayi si masewera. Ndipo ndimamva kuti pali ena amene ukwati wawo uli pamenepa."

Onani bwino, Gilbert sananame ngakhale liwu limodzi. Ndimabwereza mawu ake m'mutu mpaka lero kufunafuna bodza loti ndim'gwire nalo, sindilipeza. Anangonditsegulira chitseko, kugwa ndinagwa ndekha. Nyumba ya mayi Leah inali apo, utsi ukufuka, iwo ali pakhonde akusankha chidede. Mapazi makumi asanu okha. Koma ine ndinali ndi nzeru za ku esiteti, zoti chomera chikafota mankhwala ake ndi amodzi. Komanso, ndinene zoona, ndinkafuna kuti madala akabwera adzapeze kuti amene anapulumutsa mayi awo ndi mdzukulu wa anthu osafunsa uja.

Ndinabwereka khasu kwa Gilbert yemweyo. Anandipatsa mosavuta, anandiwonjezera ndi zigubu ziwiri.

*

Ntchito ndinaigwira mwaluso, pamenepo pokha musandinyoze. Ndinakumba beseni kuzungulira thunthu osakhudza muzu. Ndinatunga kumtsinje zigubu khumi ndi ziwiri, kuthira pang'onopang'ono kuti nthaka imwe bwino. Pamwamba ndinaphimbira udzu kuti chinyezi chisathawe. Ndinabweranso Lachitatu nditaweruka, kenako Loweruka, kenako Lachitatu linalo. Msana unkachita kulira, koma mtima unali mbee.

Ndinkayankhula naye. Ndinkati, "Agogo, musatichite zimenezo. Munayenda masiku asanu ndi limodzi kumsana, mungafere pano pali mtsinje?"

Loweruka lachitatu ndinafika dzuwa litangotuluka. Poyamba sindinaone kanthu. Nditayandikira ndinaona kunsonga kwa nthambi timaso tatupa, ngati maso a nzimbe yobzala, ndipo tina tinali titang'ambika. M'kati munkatuluka timasamba taubweya, tofiirira m'mphepete, tating'ono kuposa chikhadabo. Mtengo woti dzana unali nkhuni. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndathirira maekala a nzimbe osawerengeka, koma sindinamvepo kuti manja angawa adzutsa chakufa. Misozi inatuluka, ndipo sindinaipukute.

Ndinathiranso madzi kachisanu, ndinajambula chithunzi koma sindinatumize. Ndinkafuna adzaone ndi maso.

Gilbert anadutsa, anasuzumira pampanda, anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwagwira ntchito, alamu," anatero. "Madala akadzaona sadzakuiwalani."

*

Anabwera Lachinayi. Lachisanu foni inalira, nambala ya Priska, koma mawu a bambo ake.

"A Dennis, muli tani? Mawa mubwere m'mamawa. Tili ndi ntchito kumunda, ndikufuna mudzagwire nawo mpeni."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa foni. Miyezi yonseyi ndinali iwe. Lero ndine inu, ndine a Dennis. Mwamuna wamkulu sasintha choncho pachabe, ulemu umenewo ndi wa mkamwini.

Loweruka Priska anandichingamira kumsewu. Anali ataonda pang'ono ndi ulendo, koma nkhope inkawala. Anandigwira dzanja poyera, chinthu chimene sanachitepo kwawo.

"Bambo aang'ono achira. Koma nkhani si imeneyo. Baba avomera, Dennis. Anandiuza tili m'bwato powoloka. Akuti Juliana chaka chino anamugoneka msanga, tulo tatikulu, chifukwa cha ife. Akufuna abale zambiri, zokwana abale ako onse a pa boma."

"Anamugoneka?"

"Eya. Si ndinakulembera kuti wagona?"

"Kugona kwake kotani?"

Anaseka. "Iwe, sindinakuuzepo? Kumayiko a mphesa kumazizira, mpesa umagona wokha. Kuno kulibe chisanu chotero, ndiye mpesa sudziwa nthawi yopuma, umangophuka masamba chaka chonse mpaka kutheratu mphamvu. Ndiye timaugoneka ndife. Timatseka ngalande, timathothola masamba onse ndi manja, n'kuusiya ndi ludzu milungu isanu ndi umodzi. Sitipitako n'komwe, wogona sasokonezedwa. Mphamvu yonse imabwerera m'thunthu. Kenako tsiku limodzi timadulira n'kutsegula madzi, maso onse amatsegukira pamodzi, lililonse ndi maluwa ake. Lero ndi tsiku lomudzutsa. N'chifukwa chake Baba akuyitana iwe."

Miyendo inkayenda yokha.

"Nanga atadzuka nthawi isanakwane?"

"Ndiye kuti chaka chapita. Amaphuka kunsonga kokha, masamba okhaokha opanda duwa, ndipo mphamvu ija imathera pomwepo. Bwanji, wadwala? Nkhope yako yatani?"

Ndikanamuuza pomwepo. Koma tinali titafika kale pa kachitseko, ndipo madala anali pomwepo atavala malaya oyera, mpeni wopindika uli m'manja. Mayi Leah anabwera kudzaonerera. Gilbert anali atatsamira mpanda.

"Takhuta, zikomo pobwera, a Dennis. Ine sindinalowemo chibwerere, ndimati tilowe limodzi. Nthambi yoyamba ya Juliana mudula ndinu."

Tinayenda pansi pa nthambi zouma zija, madala patsogolo akuimba kanyimbo ka Chisena chapansipansi. Kenako kanyimboko kanaduka.

Juliana anali wobiriwira. Pakati pa munda wonse wotuwa, iye yekha anali ndi mphukira zotalika ngati dzanja, zanthete, zikugwedezeka ndi kamphepo ka m'phiri. Kukongola kwake kunali koopsa. Mayi Leah anagwira pakamwa.

Madala anayandikira pang'onopang'ono. Anagwira mphukira imodzi, anaitembenuza, kufunafuna maluwa. Anagwira ina. Anagwira yachitatu. Anapalasa udzu uja ndi phazi n'kuona dothi lakuda lonyowa ndi beseni langa lokongola lija. Kenako anakweza mpeni n'kudula nthambi imodzi.

Pabalapo panatuluka dontho loyera ngati madzi. Linakula, linagwa. Linabwera lina. Sindinkadziwa kuti mtengo umalira. Tonse tinkamvetsera madontho akugwera pa udzu wouma.

"Wogona salira," anatero madala. "Uyu wamwa, ndipo wamwa kwambiri. Gilbert, ndinakusiyira munda."

"Munati mbuzi, baba. Mbuzi sinalowe."

"Ndani wathira madzi?"

Gilbert anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame. Akanatha kunditchula, koma ankafuna ndidzipachike ndekha. Ndinagwada pa dothi lomwe ndinanyowetsa ndekhalo.

"Ndine, bambo. Ndinamva kuti wagona, ndinayesa akufa. Ndinathira kasanu."

Priska anatulutsa kamawu ngati wabayidwa ndi minga. Madala anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikanakonda akanandimenya ndi chigubu.

"Zigubu zingati?"

"Khumi ndi ziwiri ulendo uliwonse."

"Kuchokera kumtsinje uko, pamutu?"

"Pamapewa, bambo."

"Mphamvu uli nazo. Mtima ulinso nawo, ndauona." Anapukuta mpeni pa malaya oyera aja. "Koma unasenza zigubu makumi asanu ndi limodzi osafunsa kuti m'bokosimo muli chiyani. Iwe ndiwe munthu wosafunsa."

Ndinabwerera pa iwe. Zinandipweteka kuposa mawu ena onsewo.

"Baba, anachita chifukwa cha chikondi," anatero Priska.

"Nkhabe kukana, sindikutsutsa, mwananga. Koma Juliana sabala chaka chino. Chaka cha madzi osefukira chija anakwiya zaka zitatu. Pano wakalamba, mphamvu imene ndinam'sungira yathera m'masamba awa. Akhoza kudzuka chaka chamawa, akhoza osadzukanso. Mawu anga mukuwadziwa nonse, ndinawanena pamaliro a mayi anga. Ankhoswe adikire."

Priska anatembenukira kwa ine, maso ali jenjenje ndi misozi.

"Bwanji sunafunse, Dennis?"

"Foni yako inali yozima."

"Mayi Leah analinso ozima?"

Mayi Leah anayang'ana pansi, akundimvera chisoni, ndipo chisoni chawocho chinandivula kwambiri.

Apo ndi pamene Gilbert anachoka pampanda paja. Anayenda mosafulumira, anavula kapusi, n'kuima pafupi ndi madala mwaulemu wonse.

"Baba, musadandaule kwambiri. Juliana sanathe. Alipo wina."

"Ukuti chiyani?"

"Nthambi zija munkandituma kukawotcha ndili pantchito pano. Chaka china moto unazima, zitatu zinatsala. Ndinaona kuti n'kulakwa kutaya. Imodzi inagwira, ili kuseri kwa nyumba yanga, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ndinaigoneka tsiku lomwe munagoneka wanuyu, ndipo palibe anaithira madzi. Ibala chaka chino."

Nkhope ya madala inasintha kawiri. Poyamba unali mkwiyo wa munthu wobedwa. Kenako kunabwera china, chimene chinandiopsa kuposa mkwiyowo. Anali ngati mwana amene wauzidwa kuti mayi ake aja anawaona ali moyo kutsidya.

"Unandibera," anatero, koma mawu analibe mphamvu.

"Ndinakusungirani, baba. Vinyo wa ukwati wa Priska alipo chaka chino, wa Juliana weniweni, monga mwa mawu anu." Anandiyang'ana koyamba m'maso. "Kungoti ine mphesa zanga sindithyolera ukwati wa mwamuna wina."

"Ine sindine botolo loti muzipatsirana," anatero Priska. "Gilbert, ndinakukana kawiri, ndikukananso kachitatu pamaso pa Baba."

Koma madala sanamve. Anali akuyang'ana dontho likugwa pa nthambi ija, kenako anayang'ana kumunsi, kumene denga la Gilbert linkaonekera pakati pa mitengo ya masawu.

"Thunthu lake lafika pati?" anafunsa.

"Ngati mkono wanu, baba."

"Tiye ukandionetse. Priska, tenga mpeni winawo. Ngati wagona milungu isanu ndi umodzi, ayenera kudzutsidwa lero."

Ananyamuka, Gilbert pambali pawo atawanyamulira chipewa. Priska anatola mpeni uja, umene unayenera kukhala m'manja mwanga. Anaima pakati pa njira, akuyang'ana bambo ake, akuyang'ana ine. Madala anaitananso osacheuka.

"Usachoke," anandinong'oneza Priska. "Koma Juliana usamukhudzenso."

Anathamangira kumunsi, kachitseko ka bango kanatsekeka. Ndinatsala ndili chigwadire pansi pa Juliana, manja ndawapinda kumbuyo kuti angachitenso china. Dontho linandigwera pakhosi, lozizira, n'kutsikira m'malaya. Kumunsi kwa Gilbert ndinamva mpeni ukudula nthambi yoyamba.